Chikopa cha Mbuzi ya Idi

Kawale 2, Lilongwe
19 Meyi 2024

Amayi,

Salaam aleikum. Ndiyambe ndi mwendo wanu uja: kodi ukutupabe mukachokera kudimba? Ine kuno ndili bwino, chimfine chokha cha fumbi. Amalume a Abdullah ali bwino, alamu anu a Zuhra nawonso, ndipo akupereka moni. Kalatayi ndapatsira a Shepherd, amene amabweretsa mpunga kuchokera ku Ntaja kwathuko. Hafsah mlongo wanga, uziwawerengera Amayi pang'onopang'ono, osadumpha mizere ngati ulendo watha.

Ndatumiza sopo ndi tizidutswa ta nsalu totsala kushopu ya amalume. Tofiirato n'ta Hafsah. Shuga sindinagule, wakwera moti amalume akuti tiyi tizingomuonetsa supuni. Ndalama zili m'kansalu kobiriwirako ndapeza posokerera mabatani ndi kusita. Mugulire mchere. Nkhunda zanga zisagulitsidwe, ngakhale wina abwere ndi mawu okoma.

Munafunsa ngati ndapeza anzanga. Kusukulu ndimakhala kumbuyo pafupi ndi windo, palibe amene amandivuta. Loweruka masana shopu ikatsekedwa ndimayenda. Amayi, mzinda uno uli ndi nyimbo zambiri zaulere kwa munthu amene ali ndi miyendo. Kuholo ina ku Biwi kumabwera magulu oimba, ndipo pakhomo amalipiritsa ndalama yoti ingagule ndiwo za sabata yonse. Koma kuseri kwa mpanda kuli chulu, ndipo pachulupo nyimbo zimamveka bwino kuposa m'kati, poti m'katimo anthu amakuwa. Timakhalapo ambiri: ana, amayi ootcha mbatata, ndi bambo wina wakhungu amene amadandaula mokweza gitala akalakwitsa. Ndimadyeratu kunyumba, ndimapita wapansi, ndimabwerera nthawi ya swala, pemphero la madzulo, isanakwane. Sindiwononga kanthu.

Amalume sadziwa kumene ndimapita. Tsiku limene ndinafika anandiuza kuti nyumba yawo ndi ya sukulu ndi swala, ndipo akadzandiona ndi anyamata a magitala ndidzakwera lole ya a Shepherd, pamwamba pa matumba opanda kanthu. Ine sindili ndi anyamatawo. Ndimangomvera.

Mwana wanu,
Yaseen


Kawale 2
9 Juni 2024

Amayi,

Salaam aleikum. Mtedza ndalandira, pamodzi ndi uthenga woti mwendo wayamba kupepuka. Alhamdulillah. Kuno kwayamba kuzizira, madzi a m'mawa akuluma zala, koma juzi ija ikundikwanabe. Hafsah atchinge khola la nkhunda ndi thumba kumbali yochokera mphepo, mwezi uno maunda amafa.

Sabata yatha amalume anandituma ku Biwi kukakonzetsa njinga yawo. Wokonzayo ndi a Malizani, bambo aatali a imvi m'ndevu, amene amagwira ntchito pansi pa mtengo wa mango. Pamtengopo anapachikapo banjo ya chigubu cha oilo, nsambo zake ndi waya wa mabuleki. Pambali panagona chinthu ngati mtondo, cha khosi la mtengo lalitali kuposa ine, ndi waya mmodzi yekha. Amati babatoni. Woimba amachikhalira, n'kumamenya wayayo ndi kamtengo, dzanja linalo likuyendetsa botolo. Ndicho chimalira pansi pa nyimbo, muja mumamvera m'mimba. Koma chawocho n'chakufa, makoswe anadya chikopa cha pakamwa pake.

Podikira ndinkagogoda pachishalo cha njinga osadziwa. A Malizani anaika sipanala pansi.

"Iwe mwana wa atelala, tabwereza zimenezo."

Ndinabwereza.

"Kings, ukumva? Mwanayu sakuphonya ngati iwe, chikhalirecho wabwera ndi njinga yakuphwa."

Kings ndi mnyamata wawo wa ng'oma, amagulitsa machaja a foni pamsika. Anati, "Madala, musamunamize mfanayu. Asiya sukulu, akwawo adzatimangitsa."

Gulu lawo loimba limayeserera Loweruka lililonse pomwepo ntchito ikatha, ndipo aliyense amamvera ulere. Dzulo ndinapita, ndinangokhala patayala. A Malizani akuti chikopa cha ng'ombe n'chodula. Cha mbuzi yaikulu chingagwire, koma a kanyenya amakhala atalonjeza kale zikopa zawo kwa ena.

Mayeso a teremu ayamba mwezi wamawa. Ndikuwerenga, musade nkhawa. Masamu okha ndiwo akundikana.

Yaseen


Kawale 2
23 Juni 2024

Amayi,

Salaam aleikum, ndiponso Idi Mubarak ngakhale yadutsa. Ndikhulupirira munadya bwino ndipo nonse muli ndi moyo. Ife tili bwino.

Tinaswali pabwalo, anthu ochuluka moti mizere inafika kumsewu. Mikanjo yambiri inali yosoka amalume, ndipo ndinawaona akuyang'ana mapewa a anthu a kutsogolo kwathu ngati msoko wakhala bwino. Masana anyamata a kumadarasa anachita sikiri mumsewu, mapazi ndi mpweya basi, popanda ng'oma. Ndinawatsatira mpaka kumsika. Chisangalalo chonsecho sichinafune tikiti.

Chaka chino amalume anagula mbuzi, yaikulu, yakuda, ya lamba woyera pamimba. Pozinga anatchula dzina la malemu Bambo, kuti thawabu zake, mphotho ya kwa Mulungu, ziwapeze ku Joni komwe anagonako. Sindinkadziwa kuti achita zimenezo. Ndinagwira miyendo ya mbuziyo maso ali pansi. Nyama tinaigawa patatu, ndipo ine ndinayenda ndi mbale m'makomo, mpaka kwa anansi athu a kutchalitchi.

Titamaliza amalume anandiitanira kuseri. Anati, "Chikopa cha Idi sitigulitsa. Ichi n'chako. Uchithire mchere, chiume, upeze wochifufuta. Chikhale msala wako, uziswalirapo n'kumawapempherera bambo ako." Ndinathokoza. Ndinachikhoma pansi kuseri kwa bafa, ndipo masiku onsewa ndakhala ndikulimbana ndi agalu.

N'chachikulu, Amayi. Ndinachiyeza ndi tepi ya kushopu. Sindikudziwa chimene ndinachiyezera.

Chikauma ndipita nacho ku Biwi, kuli munthu wodziwa zikopa.

Ndatumiza nyama yowamba pang'ono. Mudye, musagawe yonse monga mumachitira.

Mwana wanu,
Yaseen


Kawale 2
28 Julayi 2024

Amayi,

Salaam aleikum. Pepani ndakhalitsa osalemba, si matenda ayi. Muli bwanji, ndipo mpunga mwamaliza kupuntha? Musagulitse wonse pano, mitengo ikwera mvula ikayandikira. Kuno thumba lafika kale pena.

Sukulu tatsekera ndipo ndakhoza maphunziro onse, ngakhale masamu ndadutsa pang'ono chabe. Amalume akuti holide ino ndisabwere, ino ndi nyengo ya maukwati, shopu yadzaza ndi madiresi. Akutinso fizi ya Fomu 4 ndi ndalama ya mayeso alipira okha, inu musagulitse kanthu.

Mwezi uno ndaona zambiri. Ndinatsatira bandi ya malipenga mumsewu mpaka mapazi anachita matuza. Ku Area 24 kunali mpikisano wa makwaya kutchalitchi ina, ndinaima pawindo tsiku lonse, palibe anandifunsa dzina. Pamsika panabwera lole yotsatsa sopo, ya anthu ovina pamwamba. Kings wandiphunzitsanso njira ina: ukafika msanga n'kuthandiza kunyamula masipika, a pageti amakuyesa wa gululo, umalowa osalipira. Ndalowa kawiri muholo ija ya ku Biwi. Ndikubwereza, pachulu pamamveka bwino.

Hafsah, ndime iyi ndi yako. Ukafika apa uwauze Amayi kuti ndikunena za nkhunda. Chikopa chija sichinafufutidwe. Ndinapita nacho kwa a Malizani ndili ndi mitima iwiri, ndipo iwo atachiona anangochiyala pakamwa pa babatoni. Chinakwana ngati chinabadwira pomwepo. Sindinawauze kumene chinachokera. Tinachiviika m'madzi, tinameta ubweya wa pakati, tinachidula mozungulira, tinachikunga ndi misomali. Chitauma tinachiwamba pamoto wa makatoni. Hafsah, nditamenya waya koyamba, mayi wina wa tomato amene ankadutsa anatula dengu pansi. A Malizani anavula chipewa n'kuchiveka babatoniyo. Tsopano woimba babatoni ndine. Ndimadziuza kuti amalume anati chikopacho n'changa, ndipo masiku ena ndimakhulupirira.

Amayi, ndatumiza ndalama pang'ono za mankhwala opaka aja. Moni kwa onse.

Yaseen


Kawale 2
25 Ogasiti 2024

Amayi,

Salaam aleikum. Ndili bwino m'thupi. Chinangwa ndalandira, ndi mawu anu. A Shepherd anandiitanira kuseri kwa lole n'kunena kuti, "Amayi ako akuti uwauze wekha amalume ako, asanamve kwa ena." Sanadziwe nkhani yake, koma ine ndinamva. Hafsah, zikomo kwambiri, wagwira ntchito, wawawerengera ndi ndime yako yomwe ija.

Ndiwauza, Amayi. Ndikupempha masabata atatu okha. Pa 14 Seputembala kuli chikondwerero cha achinyamata pabwalo la mpira kuno ku Kawale, masana, chaulere. Kudzakhala magule, ndakatulo, masewero ndi magulu oimba. Tinapita kukayesedwa, ndipo atipatsa nyimbo zitatu pansanja yeniyeni, ya masipika. A Malizani akhala akuimba pansi pa mango uja kuyambira ine ndisanabadwe, sanaimepo pansanja. Achapitsa jekete lawo, lili m'pepala lapulasitiki pamtengo pomwepo. Kings akuti, "Madala, jeketelo lidzaimba lokha, inu mudzakomoka."

Simungamvetse mwina, ndipo sindikudziwa ngati ndingathe kulemba. Kusukulu aphunzitsi ena mpaka pano amanditcha "iwe wa pawindo". Ndikakhala pababatoni sindifunika kulankhula. Ndimangomenya, anthu n'kuyamba kusuntha mapazi, ndipo ndikachedwa pang'ono onse amachedwa nane. Ndikamaswali maganizo amandithawa, amapita ku masamu, ku nkhunda. Ndikamaimba amakhala malo amodzi. Ndikudziwa kuti izi si zokanena kwa shehe.

Amalume afunsa kawiri za msala. Dzana tikudya anati, "Wofufuta wakoyo akufufuta njovu?" Alamu anu anaseka. Ine ndinati akuti watsala pang'ono.

Musawaimbire foni, chonde. Ndiwauza ndekha chikondwerero chikadutsa.

Hafsah agulitse maunda awiri agule makope ake, koma osati a nkhunda yoyera ija.

Mwana wanu,
Yaseen


Kawale 2
8 Seputembala 2024

Amayi,

Salaam aleikum. Sindikudwala. Kalatayi ndapatsira munthu wina wa basi, sindikanatha kudikira.

Dzulo tinaitanidwa kukaimba pachinkhoswe ku Area 23, malipiro ake mbale ya mpunga ndi zimene anthu angaponye. Sindinadziwe kuti zovala za akuchikazi anasoka ndi amalume, ndipo madiresi awiri anali atatsalira. Analowa pageti ndi njinga, chikwama chili kumbuyo, ife tili pakati pa nyimbo. Ndinayamba kuwaona ndine. Sindikanasiya, Amayi, anthu anali m'bwalo akuvina. Iwo sanandiyang'ane kumaso. Ankayang'ana m'mphepete mwa babatoni, m'mene tinasiya ubweya osameta, wakuda ndi woyera.

Nyimbo itatha anabwera, anawerama, anasisita ubweyawo monga amachitira ndi nsalu asanaidule.

Kings sankawadziwa. Anati, "Abwana, osagwiragwira, n'chodula chimenecho."

Amalume anati, "Mtengo wake ndikuudziwa." Anapereka madiresi aja n'kumapita.

Kunyumba sanakalipe. Bola akanakalipa. Anangoti lole ya a Shepherd ibwerera ku Ntaja Lamulungu likubwerali, pa 15, ndilongedze. Ndinati nanga Fomu 4? Anati ku Ntaja nakonso kuli sukulu. Inu ndi ine tikudziwa kuti fizi yake kulibe.

Lero m'mawa ndikutsuka mbale, alamu anu anakhala pafupi nane. Anati, "Ukuganiza kuti akwiyira nyimbo? Nyimbo akanakukalipira, mawa n'kuiwala. Bambo ako anali mnzawo asanakhale mlamu wawo. Anamwalira kutali, amalume ako sanawasambitse, sanaponye dothi. Mbuzi ija ndi chokhacho chimene anatha kuwachitira. Iwe wapita nacho kukavinitsa anthu." Ndinapitiriza kutsuka mbale.

Chikondwerero ndi Loweruka, lole ndi Lamulungu. Kings akuti zayenda bwino, ndiimbe kaye kenako ndizipita.

Musalire, ndipo musawaimbire. Hafsah asese kuchipinda kwanga, mwina.

Yaseen


Kawale 2
22 Seputembala 2024

Amayi,

Salaam aleikum. Mwaona lole yafika popanda ine, ndipo a Shepherd sanathe kukufotokozerani. Ndili bwino, ndili ku Kawale, sukulu tayamba. Mwendo wanu uli bwanji ndi kutenthaku?

Lachinayi, kutatsala masiku awiri kuti chikondwerero chichitike, ndinapita ku Biwi ndi pulayazi ya kushopu. Ndinawauza a Malizani zonse, za mbuziyo, dzina limene linatchulidwa poizinga, ndi zoti ndabwera kudzachotsa chikopacho. Anapukuta manja ndi kansanza.

Kings anati, "Aise, dikira Loweruka lidutse. Mawa ndi mkuja basi. Ukachotse Lamulungu m'mawa, akufawo sathamangira kulikonse."

Ndinati ndikachibweza Loweruka litadutsa, ndiye kuti ndabweza chifukwa ndathana nacho. Amalume adzadziwa, inenso ndidzadziwa.

"Nanga ife? Madalawa adikira zaka zonsezi!"

A Malizani anati, "Khala chete, Kings." Kenako anatembenukira kwa ine. "Wandilakwira, mwana iwe. Ine ndi wa kutchalitchi, koma za malemu a munthu sindisewera nazo. Ukanandiuza tsiku lomwe lija. Bweretsa pulayaziyo, iwe ung'amba." Anazula okha misomali yonse, umodziumodzi. Tinayesa kukunga thumba la feteleza m'malo mwake, linalira ngati munthu akupuntha matiresi. Tinalichotsa.

Chikopacho ndinakachiika patebulo lodulira nsalu. Chinali chozungulira ngati lichero, chometedwa pakati, mabowo m'mphepete monse, chikununkha utsi. Amalume anachitembenuza n'kunena kuti, "Apa angaswalirepo mphaka." Ine ndinapitiriza kulongedza.

Loweruka ndinapita kubwalo, ndinaima pakati pa anthu. Kunali fumbi, ana okwera m'mitengo, amayi a mandasi ndi mafilizesi. Gulu lathu linakwera dzuwa litapendeka. A Malizani anavala jekete lija, ndipo nyimbo yoyamba mawu ankanjenjemera. Yachiwiri anakhazikika. Anthu anaomba m'manja, ena anavina. Mwina palibe wina anamva, koma ine ndinkamva dzenje pansi pa nyimbo iliyonse, pamalo anga. Dzanja langa linkamenya ntchafu lokha. Atatsika, a Malizani anandigwira paphewa. Kings anandidutsa ngati sakundidziwa, ndipo mpaka lero sitinalankhulane.

Lamulungu lole inaima pamsewu, ine chikwama chili pakhomo. Amalume anatuluka ndi tepi m'khosi n'kuuza a Shepherd kuti, "Lero mulibe wokwera." Analowanso m'shopu. Tsiku lonselo makina ankalira, koma anatseka chitseko.

Lolemba pochokera kusukulu ndinapeza msala pabedi panga. Ndi wa nsalu yolimba yobiriwira, ndipo chikopa chija achisokerera kumtunda, pamene munthu amaika mphumi. Mabowo onse awabisa ndi mpendero. Singano zathyoka zingapo, alamu anu ndiwo andiuza. Nditapita kukathokoza, amalume sanadzutse mutu. Anati, "Wachimenya mokwanira. Tsopano uziikapo mphumi." Ndinafunsa za kumapita ku Biwi Loweruka. Anati za Loweruka tidzakamba ndikalemba mayeso. Sanavomere, sanakane.

Ndikuswalirapo. Fungo la utsi silinathe, ndipo ndikagwetsa mphumi ndimakumbukira zonse ziwiri, Bambo ndi pansi pa mango paja. Sindikudziwa ngati ndi tchimo. Maganizo sakuthawanso ngati kale.

Ndili ndi pempho limodzi. Wina akapha mbuzi kumudziko, ya ukwati kapena ya pamsika, yosatchulidwa dzina la munthu, mundipemphere chikopa. Ikhale yaikulu. Muchithire mchere wambiri, mupatsire a Shepherd. Babatoni ya a Malizani ndinaisiya kukamwa kuli pululu, ndipo umenewo si mlandu wa amalume kapena wa Bambo, ndi wanga. Kaya adzaimba ndi wina, ilire basi.

Ulendo uno ndawauza amalume kuti ndikukupemphani zimenezi. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, n'kupitiriza kupalasa makina.

Mwana wanu,
Yaseen